Chigamba cha M'kati mwa Mtsempha Waukulu

(Nyimbo yotsegulira, kenaka itsike pang'onopang'ono)

  Ngati mwaweruka kumunda ndi moyo, ndipo ana adya nsima, khalani pamphasa kapena pakhonde, mukweze wailesi pang'ono kuti agogo nawonso amve, pakuti nkhani ya lero ndi ya chinthu chimene aliyense wa ife amayenda nacho m'chifuwa mwake usana ndi usiku, ngakhale kuti ambiri sitinamvepo ndi dzina lake lomwe.

Tikamba za mtsempha waukulu wa magazi, za m'mene umang'ambikira, ndi za nzeru imene madokotala anaitulukira yousoka mtsemphawo ali m'kati mwake, popanda kutumbula chifuwa ndiponso popanda makina osenza ntchito ya mtima ndi mapapo. Ulendo wathu uli ndi zigono zinayi. Poyamba tiudziwe mtsemphawo. Kachiwiri tione chimene chimauwononga. Kachitatu timve za njira yakale ndi yatsopano youkonzera. Ndipo potsiriza tibwerere kuno kwathu, tidzifunse kuti ife a ku Neno tichitepo chiyani. Mawu amodzi amene ndifuna muwasunge mumtima kuyambira tsopano ndi awa: mtsempha waukulu umasamalidwa usanang'ambike.

Tiyambe ndi chigono choyamba. Ikani dzanja lanu pachifuwa, chakumanzere pang'ono, mumve mtima m'mene ukugundira. Kugunda kulikonse kumene mukukumvako, mtima ukukankha magazi kuwalowetsa mumtsempha umodzi waukulu koposa mitsempha yonse ya m'thupi, umene madokotala amautcha aorta, ndipo kunenepa kwake kuli ngati mzimbe wokhwima bwino. Mtsemphawu pochoka pamtima umayamba wakwera cha kukhosi, kenaka umakhota monga mmene imakhotera ndodo ya agogo pogwirira paja, ndipo pokhotapo umatulutsa nthambi zopita kumutu ndi kumanja. Ukatero umatsika motsata fupa la msana, kudutsa kuseri kwa mtima, kulowa m'mimba kumene umamwetsa chiwindi, matumbo ndi impso, mpaka cha pamchombo pamene umagawika pawiri kulowera kumiyendo. Monga Shire ali mayi wa madzi a dziko lino, momwemonso aorta ndiye mayi wa magazi a m'thupi, kungoti Shire amalandira kuchokera ku timitsinje, pamene aorta amagawira timitsempha.

Khoma la mtsemphawu Mlengi analiumba ndi miyalo itatu yophatikizana: wam'kati wosalala kuti magazi aziterereka, wapakati wochindikala ndi wotamuka ngati mphira, ndi wakunja wolimba womanga zonse pamodzi. Chifukwa cha kutamukako, mtsempha umafutukuka mtima ukagunda, nubwereranso mtima ukapuma, ndipo umachita chomwecho kuyambira munthu ali m'mimba mwa amake kufikira tsiku la kutsikira kulichete, osapempha tchuthi ngakhale ola limodzi.

Tafika pachigono chachiwiri, ndipo pano ndikupemphani mumvetsere modekha. Mtsempha wolimba chotere umagonja m'njira zitatu.

Njira yoyamba ndi kutupa. Inu amene muli ndi njinga yakapalasa mukudziwa kuti tayala likaperepeseka pamalo amodzi, chubu chimatukumuka pomwepo, ndipo chotupacho chimakulirakulira mwakachetechete mpaka tsiku lina, muli pamtsetse mutanyamula thumba la chimanga, chiphulika. Mtsempha nawo umatero: khoma likafooka limatupa pang'onopang'ono kwa zaka, nthawi zambiri mwini wake osamva ululu uliwonse, kufikira litaphulika ndi kukhuthulira magazi m'chifuwa.

Njira yachiwiri ndi kung'ambika kwa m'kati. Mudaonapo mtsinje wa Lisungwi kapena wa Wamkulumadzi utadzaza m'nyengo ya dzinja, madzi akapeza kamng'alu m'gombe, amalowa pansi pa nthaka, nakumba njira yawoyawo pambali pa njira yakale, mpaka munda wa munthu kugumuka. Chomwecho muyalo wam'kati wa mtsempha ukang'ambika, magazi amalowa ndi mphamvu pakati pa khoma, nalisenda ngati khungwa la mtengo, ndipo njira yabodzayo imatha kufinya njira yeniyeni, kutseka nthambi zopita ku impso, kumatumbo kapena kumiyendo, kapenanso kuboolera kunja. Nthenda imeneyi sisankha wosauka kapena wolemera: mfumu ya ku Britain, George Wachiwiri, inamwalira nayo mwadzidzidzi m'chaka cha 1760, ili m'nyumba yachifumu.

Njira yachitatu ndi ngozi. Galimoto kapena njinga yamoto yothamanga kwambiri ikaima mwadzidzidzi pogunda chinthu, thupi limaima koma za m'kati mwa chifuwa zimapitirira kutsogolo, ndipo mtsempha umaduka pamalo paja pamene ndodo yatha kukhota ndi kuyamba kutsika, popeza pamenepo mbali yomangika imakumana ndi mbali yolendewera. Ambiri ovulala motere amatsirizika pamalo a ngozi pomwepo, ndipo ochepa amene amafika kuchipatala ali ndi mpweya, moyo wawo umakhala ukugwiridwa ndi kamuyalo kakunja kokha.

Tsono nchiyani chimafooketsa khoma la mtsempha? Mdani wamkulu ndi uja timangomutcha BP, kuthamanga kwa magazi mopitirira muyeso. Akuluakulu anati ng'oma yolira sichedwa kung'ambika. Mtsempha womenyedwa ndi magazi amphamvu chaka ndi chaka ndiwo ng'oma yoteroyo. Fodya amaonjezera moto, ukalamba nawo umaumitsa khoma. Chindoko chosachizidwa chimatha kubisala m'thupi zaka zambiri kenaka n'kudzadya mtsemphawu, ndipo madokotala a ku Durban ku South Africa analembapo za mitsempha yotupa mwa anthu achinyamata amene kachilombo ka HIV kanawafooketsa. Alipo enanso amene amabadwa ndi khoma lofooka mwa mtundu wawo, monga anthu a nthenda yotchedwa Marfan, amene kawirikawiri amakhala aatali kwambiri, oonda, a zala zazitali. Mwamva tsono chifukwa chake ndikuti mtsempha waukulu umasamalidwa usanang'ambike, pakuti adani ake ambiri amagwira ntchito yawo mwakabisira.

(Nyimbo pang'ono)

Takulandiraninso, inu omvera athu. Tili pachigono chachitatu, pamene tiona m'mene ana a anthu analimbanirana ndi nthendayi.

Funso limene linasautsa madokotala kwa nthawi yaitali linali lofanana ndi la anthu omanga mlatho: kodi ungakonze bwanji pansi pa mtsinje madzi ali kuyenda? Yankho lachidziwikire ndi kuupatutsa mtsinjewo. M'chaka cha 1953, mumzinda wa Philadelphia ku America, dokotala John Gibbon anachita opaleshoni ya mtima bwinobwino mothandizidwa ndi makina amene iye anawapanga, makina otulutsa magazi m'thupi, kuwapatsa mpweya wabwino monga achitira mapapo, ndi kuwapoperanso m'thupi monga uchitira mtima. M'zaka zomwezo, mumzinda wa Houston, madokotala Michael DeBakey ndi Denton Cooley anayamba kudula mbali yowonongeka ya mtsempha waukulu ndi kusokererapo ina m'malo mwake, ndipo m'kupita kwa nthawi chubu chansalu yolimba ndicho chinakhala chigamba chodalirika. Imeneyi inali ntchito yozizwitsa, ndipo miyoyo yosawerengeka inapulumuka nayo.

Koma mtengo wake pathupi la wodwala unali wowawa. Kuti dokotala afike pamtsempha wotsika ndi msana, amayenera kucheka m'nthiti chilonda chachitali, kufwetsa papo lamanzere, kupana mtsempha kumtunda ndi kumunsi, ndipo nthawi zambiri kulumikiza wodwala kumakina aja kuti impso, matumbo ndi msana zisafe ndi njala ya magazi. Makinawo nawonso amafuna kuti magazi asungunulidwe ndi mankhwala kuti asaundane m'machubu mwake. Nanga taganizani munthu wa pangozi, amene wavulala m'mutu, chiwindi chang'ambika, mafupa athyoka, mukamusungunulira magazi, kodi sadzatayira paliponse pamene pali bala? Ndipo nkhalamba ya mtima wotopa ndi mapapo ofooka, opaleshoni yotere inali phiri loti singalikwere.

Apa ndi pamene nzeru ina inabadwira. Anthu ena anadzifunsa kuti, m'malo mopatutsa mtsinje, bwanji osalowetsa kalavati m'kati mwa mtsinje momwemo, madzi ali kuyenda, kuti adutse m'kalavatimo ndi kusiya kudya gombe? Woyamba kuchita zimenezi pamtsempha wa m'chifuwa anali dokotala Nikolai Volodos wa mumzinda wa Kharkiv ku Ukraine, m'chaka cha 1987, pa munthu amene mtsempha wake unatupa chifukwa cha kuvulala, ndipo munthuyo anakhala ndi moyo zaka zambiri pambuyo pake. Popeza dziko lawo panthawiyo linali lotsekeka pansi pa ulamuliro wa Soviet Union, mbiri ya ntchitoyi siinamveke msanga kumaiko ena. M'chaka cha 1990, dokotala Juan Parodi wa ku Buenos Aires m'dziko la Argentina anachita chimodzimodzi pamtsempha wa m'mimba, ndipo mu 1994 dokotala Michael Dake ndi anzake a ku Stanford ku America anafalitsa mbiri ya odwala 13 amene anawakonza mtsempha wa m'chifuwa mwa njira yomweyi. Kuyambira pamenepo njirayi inafalikira, ndipo lero madokotala amaitcha mwachidule kuti TEVAR.

Mungafunse kuti, kodi zimachitika motani? Ndiyesa kukufotokozerani ngati kuti tili limodzi m'chipinda cha opaleshoni. Chigambacho amachitcha stent, ndipo maonekedwe ake akufanana ndi mono wogwirira nsomba, kungoti n'choboola mbali zonse ziwiri, cholukidwa ndi tiwaya tachitsulo m'malo mwa bango, ndi chokutidwa ndi nsalu yosadutsa magazi. Chitsulo chake chili ndi khalidwe lodabwitsa lakuti ngakhale muchifinye chotani, mukachimasula chimabwerera mwakale. Tsono opanga amachipinda monga tipindira ambulera, nachilonga m'kachubu kakang'ono konenepa ngati chala.

Wodwala amayamba waunikidwa ndi makina a sikani otchedwa CT, kuti dokotala aone pamene pang'ambika ndi kuyesa kukula kwa chigamba choyenera. Kenaka amacheka pang'ono, kapena kungoboola, pamphechepeche pamene pamadutsa mtsempha wopita kumwendo. M'menemo amalowetsa waya wopyapyala, namukankha mosamala kukwera motsutsana ndi magazi, kudutsa m'mimba kufikira m'chifuwa, iye ali kuyang'ana pagalasi la X-ray limene limamuonetsa m'kati mwa thupi monga munthu aona njira ndi muuni usiku. Pawaya pomwepo amatsetsereketsa kachubu konyamula chigamba, ndipo kakafika pamalo enieni, amavula chikutiro chake. Pomwepo chigamba chimafutukuka, chimakakamira khoma labwino kumtunda ndi kumunsi kwa bala, ndipo magazi amayamba kudutsa m'njira yatsopano, bala latsekeka kuseri kwa nsalu. Nthawi yonseyi mtima wa munthuyo ukudzigundira wokha, mapapo ake akugwira ntchito, chifuwa sichinatumbulidwe, ndipo kwa wovulala pangozi madokotala amatha kuchepetsa kapena kusiyiratu mankhwala osungunula magazi aja. Ichi ndi chifukwa chake m'zipatala zazikulu za padziko lapansi njira imeneyi ndiyo imayamba kuganiziridwa munthu akabwera mwadzidzidzi ndi mtsempha wotsika wa m'chifuwa woduka, wophulika, kapena wong'ambika mpaka kutseka magazi opita kuziwalo.

Komabe ndikanakhala wonama ndikanakuuzani kuti njirayi ilibe minga. Chigamba chikatseka timitsempha tomwetsa msana, munthu angathe kufa miyendo. Tizidutswa ta m'khoma tikasunthika ndi waya n'kupita ku ubongo, angathe kudwala sitiroko. Nthawi zina magazi amadontha m'mbali mwa chigamba, kotero wodwala ayenera kumaunikidwa moyo wake wonse. Ndiponso ngati pong'ambika ndi pambali ija yokwera, pafupi ndi mtima penipeni, pamenepo mpeni ndi makina a mtima ndi mapapo ndiwo akadali mfumu, ndipo opaleshoni imafunika tsiku lomwelo. Njira ziwirizi zili ngati khasu ndi nkhwangwa: chilichonse chili ndi ntchito yake.

(Nyimbo pang'ono)

Tsopano tabwerera kwathu, pachigono chachinayi, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa inu mukung'ung'udza chamumtima kuti, nanga zonsezi zitipindulira chiyani ife amene msewu wathu wochokera pano pa Boma umasanduka phala mvula ikagwa? Funsolo n'loyenera, ndipo ndiliyankha mosabisa. Ntchito yolowetsa chigamba mumtsempha siichitika pachipatala chathu cha Neno kapena cha Lisungwi, pakuti imafuna makina a CT, chipinda cha opaleshoni chokhala ndi X-ray, zigamba za misinkhu yosiyanasiyana zosungidwiratu, ndi akatswiri ophunzira zaka zambiri. Zoterezi zimapezeka m'zipatala zikuluzikulu monga Groote Schuur ku Cape Town ndi Inkosi Albert Luthuli ku Durban. Boma lathu limatumiza odwala ena kunja, makamaka ku India, koma ulendo wotere umafuna masabata ndi miyezi, pamene mtsempha wophulika umawerengera munthu maola. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Tiyeni tsono tione fodya amene ali pamphuno pathu.

Choyamba, kayezetseni BP. Kafukufuku wa m'dziko lonse amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2009 anapeza kuti mwa akuluakulu atatu alionse, pafupifupi mmodzi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo unyinji wa iwo sunali kudziwa. Yang'anani amene mwakhala nawo pamphasapo, muwerenge atatu, ndipo mudzifunse kuti wachitatuyo ndani. Ife a ku Neno tili ndi mwayi umene maboma ena amausirira, chifukwa kuyambira pamene bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo linabwera mu 2007 kudzagwira ntchito limodzi ndi Unduna, chithandizo cha matenda a mgonagona chafika pafupi ndi midzi. Kuyambira mu 2015, odwala BP, shuga, mphumu, khunyu ndi amene amamwa ma ARV amathandizidwa pakiliniki imodzi, ndipo mu 2018 pachipatala cha pa Boma ndi cha Lisungwi panatsegulidwa makiliniki a PEN-Plus osamalira amene matenda awo akula, monga a mtima. Kuyeza BP sikupweteka, sikutenga nthawi yophika ndiwo, ndipo m'zipatala za boma n'kwaulere.

Chachiwiri, amene munapatsidwa mankhwala, imwani tsiku ndi tsiku, ndipo musawaleke chifukwa chakuti mukumva bwino m'thupi, pakuti kumva bwinoko ndiko umboni wakuti mankhwala akugwira ntchito. Chepetsani mchere m'ndiwo, tayani fodya, kaya wogula kaya wa chingambwe, kayezetseni chindoko ndi HIV, ndipo ngati m'banja mwanu anthu akhala akugwa mwadzidzidzi akadali ndi mphamvu, kauzeni achipatala zimenezo. Inu oyendetsa galimoto ndi inu ana anga a kabaza wa njinga zamoto pamsewu wa Zalewa ndi Mwanza, kumbukirani kuti kuthamanga sikufika. Mangani lamba, chepetsani liwiro, chifukwa chimene chimadula mtsempha ndi liwirolo.

Chachitatu, dziwani kulira kwa mtsemphawu ukamang'ambika. Ululu wake umabwera mwadzidzidzi ngati mphezi, uli woopsa kuyambira pachiyambi pomwe, m'chifuwa kapena kumsana pakati pa mapewa, ndipo ambiri amene anaumva amati zimakhala ngati chinthu chikung'ambika kapena ngati alasidwa ndi mkondo. Nthawi zina ululuwo umatsika kulowera m'chiuno, munthu n'kutuluka thukuta lozizira, kukomoka, kapena mwendo umodzi kuzizira ndi kuchita dzanzi. Ndibwerezenso: ululu wadzidzidzi, woopsa, wong'amba, m'chifuwa kapena pakati pa mapewa. Mukaona zimenezi musathamangire kugolosale kukagula mapiritsi, musadikire kuti kuche, musayambe kufufuza amene wamuponyera. Mugonekeni wodwalayo, asayende yekha, itanani mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu, pezani chokwera, ndipo pemphero lichitikire m'njira mukupita kuchipatala.

Musaganize kuti kupitako n'kungotaya nthawi popeza chigamba kulibe. Imvani ichi, chifukwa ndi uthenga wa chiyembekezo: anthu ambiri amene mtsempha wawo wang'ambikira m'kati kumbali yotsika ndi msana, ngati sunaboolere kunja ndipo sunatseke magazi opita kuziwalo, amathandizidwa ndi mankhwala okha, otsitsa BP, odekhetsa kugunda kwa mtima ndi oletsa ululu, ndipo ngakhale kumaiko olemera madokotala amayamba ndi mankhwala omwewo. Madzi akachepa mphamvu, gombe limaleka kugumuka. Achipatala chathu angathe kuyamba chithandizo chimenecho, kusiyanitsa nthendayi ndi zina zofanana nayo, ndi kutumiza wodwala ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kumene kuli madokotala akuluakulu. Ola lililonse limene mwapulumutsa panjira ndi mphatso kwa wodwala wanu.

Ndisanatseke pakamwa, ndilankhule ndi inu ana a sukulu a ku Chikonde, ku Matandani, ku Ligowe ndi konse kumene mukundimva. Volodos ndi Parodi anali ana a anthu monga inu, amene anakana kuvomereza kuti mtsinje sungakonzedwe madzi ali kuyenda. Dziko lino likufuna madokotala a mitsempha, anamwino a m'chipinda cha opaleshoni ndi akatswiri a makina ounikira, ndipo palibe lamulo loletsa kuti ena mwa iwo achokere m'mapiri muno. M'mera mpoyamba, limbikirani masamu ndi sayansi, kuti tsiku lina mwana wa kwa Chekucheku kapena wa kwa Mlauli adzakhale iye wogwira waya uja, agogo ake ali pabedi.

Koma kufikira tsiku limenelo litakwana, chigamba chathu ife ndi kalamba kaja kamene namwino amatimanga pamkono poyeza BP, ndi kapiritsi kamene timameza m'mawa uliwonse. Usiku uno, nyali isanazime, funsanani m'nyumbamo: bambo anayezetsa liti? Nanga mayi? Nanga agogo, mankhwala awo atsala angati? Mukapeza kuti wina sanayezetsepo chibadwire, mawa lino mumuperekeze, kuti mtsinje wa Tinkanena usadzathere mu Siizi pakhomo panu. Mtsempha waukulu umasamalidwa usanang'ambike.

 

(Nyimbo yotsekera)